Mapepala Anakatulukira kwa Abuleki

Kapitawo anayamba kutsokomola atangoyamba kukhala yekha pansi. Kapitawo ndi mwana wanga. Dzinali anamupatsa ndi bambo ake, chifukwa akangoti "nyee" nyumba yonse imaimirira.

Ndimagwira ntchito m'shopu ya alamu anga, achimwene a amuna anga. Timachita fotokope, timataipira anthu, timasindikiza zithunzi ndi mapepala otsatsa malonda. Shopuyo ili ndi zipinda ziwiri. Kutsogolo kuli kauntala, pulinta yaikulu, kapulinta ka zithunzi ndi kompyuta yanga. Kulibe zenera, khomo lokha, ndipo khomolo linayang'ana msewu wafumbi. Kumbuyo kuli makatoni a mapepala, tsache, njinga ya alamu yomwe inafa kalekale, ndi zenera lalikulu lotseguka bwinobwino.

Chingwe cholumikiza kompyuta ndi pulinta yaikulu chinali chachifupi, mkono wanga unkachiposa. Ndiye ndinkakhala pafupi penipeni ndi chimakinacho, Kapitawo ali kumsana kapena m'beseni pansi pa tebulo. Chikatentha chimatulutsa mpweya wonunkha ngati labala wopserera. Ine ndinazolowera. Mwanayo ndi amene sanazolowere.

Kuchipatala anesi anamumvetsera pachifuwa, n'kundifunsa kuti masana ndimamugoneka pati. Ndinawauza.

"Ndiye mukufuna ndikupatseni mankhwala a chiyani, mayi? Muchotseni pamenepo mwanayu."

Alamu nditawafotokozera anakanda mutu, n'kuyang'ana kudenga.

"Mlamu, nkhani yake ndi yosavuta. Mwana apite kwa amayi. Ngati simukufuna, khalani naye kunyumba, ine ndipeze wina wotaipa."

Apongozi amakhala kutali, basi imayenda tsiku lathunthu. Kapitawo anali akuyamwa. Ntchito ya amuna anga imabwera ndi kupita ngati magetsi, moti ine kukhala kunyumba ndiye kuti tonse atatu tigone ndi njala. Zonse ziwirizo ndinazikana mumtima alamu asanatsirize n'kulankhula komwe.

"Kompyuta ipite kuchipinda chakumbuyo," ndinatero. "Kuli zenera. Ndizitaipa komweko, mapepala azitulukira kuno kwa inu."

"Atulukira bwanji? Muziwaponya ndi legeni?"

"Ndipeza njira."

"Pezani. Koma mwezi ukatha chifuwachi ndikuchimvabe pakauntala panga, mwana wa mnzanga ayamba ntchito. Ndalankhula naye kale."

Poyamba ndinagula chingwe cholumikizira, n'kuchiphatikiza ku chachifupi chija. Sichinafike. Ndinawonjezera china. Chinafika, koma kompyuta inati sikuidziwa pulintayo, ngati kuti sizinakhalepo limodzi chaka chonse. Ndinaimbira Amawa, wokonza makompyuta yemwe anatigulitsa makinawo. Timawatcha Amawa chifukwa tsiku lawo lobwera ndi limodzi lokha.

"Chingwe chamtundu umenewo sichiyenda ulendo wautali, chimatopa," anatero pafoni. "Iikeni pa netiweki. Kumbuyo kwa pulintayo kuli kabowo kofanana ndi kolowetsa waya wa intaneti. Koma musavutike, ndibwera mawa."

Sindinawadikire. Ndinapeza kanema pafoni, mzungu wina akuonetsa mmene amachitira. Amalankhula ngati akuthamangitsidwa. Chingerezi changa chinathera pomwe sukulu inathera, koma maso ndili nawo. Ndinkaimitsa kanemayo, n'kuona pomwe wadina, n'kubwezanso. Ndinamuonera ndikuyamwitsa, ndikuchapa matewera, mpaka ndinaloweza ngakhale pomwe amatsokomola.

Intaneti yathu si yathu tokha. Imachokera khomo loyandikana nalo, kusukulu yophunzitsa kuyendetsa galimoto. Mwini wake timawatcha Abuleki, chifukwa tsiku lonse msewu umangomva iwo akukuwa kuti, "Buleki! Buleki, iwe!" Kabokosi ka intaneti kali mu ofesi mwawo. Waya wabuluu anaboola khoma n'kulowa kwathu, n'kuthera mu kabokosi kena kakang'ono kokhala ndi mabowo angapo. Alamu ndi Abuleki anagwirizana zogawana kalekale, ine ndisanakwatiwe.

Tsiku lomwe alamu anapita m'mawa kukapikula mapepala, ndinati lero ndi lero. Ndinatulutsa njinga yakufa ija panja. Makatoni ndinawasanjikiza kukhoma, ndinasesa, ndinakolopa, n'kutsegula zenera. Ndinakoka tebulo, kenaka kompyuta, kenaka kapulinta ka zithunzi. Kameneka sikanunkha ndipo kalibe phokoso, choncho kanapita nane ndi chingwe chake chachifupi. Nditangokalumikiza kompyuta inakalonjera pompo. Beseni la Kapitawo ndinaliika pansi pa zenera.

Kenaka mawaya. Wina kuchokera ku pulinta yaikulu kupita ku kabokosi. Wina wautali kuchokera ku kabokosi, kudutsa pamwamba pa chitseko, mpaka ku kompyuta. Ndinaukhomera ndi timisomali topinda kuti alamu asadzapunthwe n'kupeza chonenera. Timagetsi tobiriwira tinayamba kuphethira mbali zonse.

Ndinakhala pansi, ndinalowa pomwe mzungu uja amalowa, n'kudina pomwe pamati onjezerani pulinta. Kompyuta inayamba kufufuza, kanthu kakuzungulira pasikirini. Kenaka inatulutsa dzina. Pansi pake inatulutsanso lina.

Maina awiri, ofanana chilichonse, chilembo ndi chilembo, nambala ndi nambala.

Mu kanema muja munkatuluka dzina limodzi lokha. Ndinaganiza kuti mwina kompyuta yangobwereza, monga imachitira nthawi zina. Ndinasankha lapamwamba. Inavomera, n'kuika kachizindikiro kobiriwira.

Ntchito yoyesera inalipo kale. Dzulo lake mayi wina anasiya oda ya mapepala otsatsa malonda. Anali atatsegula sukulu yatsopano ya galimoto kutsidya kwa msika, ndipo mawu ake anandilembera yekha, ine n'kungotaipa. Ndinatsegula tsambalo, ndinalemba chiwerengero chomwe ankafuna, n'kudina.

Ndinatchera khutu. Kutsogolo kunali zii.

Ndinapita kukaona. Pulinta inali phee, kagetsi kake kobiriwira, mapepala ali m'malo mwake. Ndinabwerera. Kompyuta inkati yatumiza, ntchito yatha. Ndiye ndinachita zomwe timachita tonse m'shopu muja chinthu chikakana: ndinadinanso. Zii. Ndinagwedeza waya, n'kudinanso. Ndinazimitsa pulinta, kuiyatsa, n'kudinanso. Ndinafika poipatsa kambama pambali monga amachitira alamu. Kapitawo ankangondiyang'ana akuyamwa chala.

Alamu anafika atanyamula katoni paphewa. Anaima pakhomo, n'kuona pomwe panali tebulo langa pali mbee.

"Atibera?"

"Ndasamuka, alamu."

"Ndiye zikutuluka?"

Ndisanayankhe tinamva mawu kunja, ndipo sanali a "buleki".

"Ali kuti? Ali kuti mwini shopu ino?"

Abuleki analowa atakumbatira mulu wa mapepala pachifuwa, ena akugwera pansi. Anaumenyetsa pakauntala, fumbi n'kuti buu. Anatola limodzi n'kulitambasula pamaso pa alamu.

"Werengani! Werengani mokweza, aneba!"

Alamu anavala magalasi. "Phunzirani galimoto mwamtendere. Kwa ife sitikalipira ophunzira."

Linali tsamba langa lija.

"Mu ofesi mwanga!" anakuwa Abuleki. "Pa pulinta yanga! Ndi inki yanga! Ndili kumsewu ndi wophunzira, ndikubwera ndapeza ophunzira ena atatola pansi akuwerenga, akuseka. Wina wapinda n'kuika m'thumba. Mapepala onse omwe ndinaikamo atha. Akulipirani zingati kuti mundinyoze chonchi?"

"Aneba, ine ndangofika kumene..."

"Ndine ndadina," ndinatero. "Sindinadziwe kuti zikupita kwanu."

Sanandiyang'ane n'komwe. "Waya uja ndazula. Intaneti mukaipeze kwa mayi wanuyo, wosakalipirayo." Anatuluka.

Ndinayang'ana kabokosi. Kagetsi ka waya wabuluu kanali katazima.

Alamu anavula magalasi pang'onopang'ono. Akakwiya kwenikweni sakweza mawu.

"Mlamu, zaka zonsezi ndakhala ndi munthu ameneyu osayambana. Inu m'mawa umodzi. Bwezani kompyuta pamalo pake. Za mwana tinakambirana kale."

"Ndipatseni mpaka dzuwa lipendeke."

"Kuti mutumizenso kupolisi?"

Tsopano ndinali nditamvetsa. Amawa anagulitsa mapulinta amtundu umodzi kwa ife ndi kwa Abuleki. Awo anali pa netiweki kale. Athu nditawalowetsa, kompyuta inaona mapasa, ine n'kusankha mwana wa eni. Vuto silinali waya kapena makina. Njira inalipo, ndinangogogoda khomo lolakwika.

Ndinabereka Kapitawo. Ndinang'amba katoni yomwe alamu anabwera nayo n'kutulutsa paketi ya mapepala atsopano.

"Amenewo ndi anga," anatero alamu.

"Mudzandidula."

Ofesi ya Abuleki ndi kachipinda kamodzi. Kukhoma kuli zikwangwani za pamsewu, patebulo pali timagalimoto tazidole tophunzitsira, ndipo pakona pali pulinta yofanana ndi yathu ngati mayi wawo ndi mmodzi. Pabenchi panali ophunzira akudikira nthawi yawo: mayi wina wonenepa wa chikwama chofiira, ndi anyamata awiri. Waya wabuluu unali lende pakhoma.

Ndinaika paketi ija patebulo. "Pepani, bambo. Awa ndi obweza anu aja. Inki tikambirana ndi alamu."

"Tulukani."

"Ndituluka. Koma ndikupempha zinthu ziwiri. Mubwezeretse wayawo, ndipo muzimitse pulinta yanu kanthawi kochepa."

"Ndizimitse? Mu ofesi mwanga mundiuze chozimitsa? Iwe mtsikana, mutu wako ukuyenda?"

"Makina anu ndi athu ali ndi dzina limodzi. Anu akazima, lotsala pakompyuta ndi lathu. Ndikalipeza ndilisintha, ndipo pepala lathu silidzabweranso kuno."

"Silidzabwera chifukwa waya ndazula! Nkhani yatha!"

Anatenga makiyi n'kutuluka ndi mmodzi wa anyamata aja. Ine ndinakhala pabenchi, pamalo pomwe mnyamatayo anachoka. Ndinamasula Kapitawo n'kuyamba kumuyamwitsa. Waya unali pafupi, ndikanangotambasula dzanja. Sindinaukhudze. Ndikanaubwezeretsa ndekha akanauzulanso, ulendo uno ndi khoma lomwe.

Mayi wa chikwama chofiira anandisuzumira. "Ndinu munalemba zija?"

"Ndinangotaipa."

"Koma wolembayo amawadziwa bambowa," ananong'ona. "Ine dzana anandikalipira mpaka ndinaiwala kuti mwendo wamanja ndi uti."

Kunja tinkamva galimoto ikudumphadumpha, ndi mawu aja, "Buleki! Ndati buleki!" Kapitawo anasiya bere n'kuyamba kutsokomola, chifuwa chija chouma chomwe chimamugwedeza thupi lonse. Mayiyo anandifunsa, ine n'kumufotokozera zonse: chimakina, anesi, zenera, apongozi. Anangoti, "Mhm," n'kukumbatira chikwama chake.

Abuleki atabwera anandipeza pomwepo.

"Mukadali pano?"

"Ndikadali pano, bambo."

"Mugona pano?"

"Ngati benchiyi simuichotsa."

Mnyamata wotsala uja anaseka, n'kudzigwira pakamwa. Abuleki anafufuma. Anayamba kukuwa za ulemu, za ana a masiku ano, za mmene anathandizira alamu shopu itangotsegulidwa. Mitsempha ya m'khosi inaima. Kapitawo anadzidzimuka n'kuyamba kulira, kulirako n'kusanduka chifuwa.

Ndinadikira apume. Kenaka ndinalankhula motsitsa, kuti asendere pafupi ngati akufuna kumva.

"Bambo, pepala lija ndi la eni ake, ine sindikudziwa ngati likunena zoona. Koma ophunzira anu aliwerenga, ndipo pano akumvetsera."

Anatembenuka. Mayi wa chikwama chofiira anali akuwayang'ana ndwii, osaphethira.

"Ine ndinalipira maphunziro a mwezi uno wokha, aphunzitsi," anatero mayiyo. "Za mwezi wamawa ndikuganizabe."

Abuleki anakonza kolala ya shati. Anatsokomola pang'ono. Atayambanso kulankhula, mawu awo anali oti sindinawamvepo chikhalire, ofewa ngati a wolengeza maliro pawailesi.

"Ine sindikalipa. Ndimangotsindika. Galimoto si chidole." Anawerama, natola waya wabuluu, naulowetsa mpaka unati tswa. "Mwati ndizimitse chiyani, mayi?"

"Pulinta, bambo. Ndikakuwa muyatse."

"Musakuwe. Kuno sitikuwa."

Mayi wa chikwama chofiira anatambasula manja. "Musiyeni kuno mwanayo, thamangani."

Ndinathamangadi. Alamu anali akuthandiza kasitomala wa fotokope, anangonditsatira ndi maso. Pakompyuta ndinayamba ndi kuchotsa pulinta ya eni ija. Kenaka ndinadina kuti ifufuzenso. Kanthu kaja kanazungulira, kanazungulira. Dzina linatuluka. Ndinadikira kuti mwina lina libwera pansi pake. Silinabwere.

Ndinalisankha. Kompyuta itavomera ndinalowa pomwe pali dzina, ndinafufuta manambala onse aja, n'kulemba ndi zilembo zikuluzikulu kuti YATHU YA KUTSOGOLO. Kapulinta ka zithunzi ndinakalemba kuti KA PAFUPI. Kenaka ndinauza kompyuta kuti ndikapanda kusankha, izitumiza ku yathu ya kutsogolo nthawi zonse.

Ulendo uno sindinatumize za eni. Ndinatsegula tsamba loyera n'kulemba mzere umodzi: Alamu, ngati mukuwerenga izi, ndili kumbuyo. Pepala limodzi lokha. Ndinadina kamodzi, n'kukhalira manja anga kuti asadinenso.

Kutsogolo chimakina chinadzuka. Chinang'ung'udza, chinakoka pepala, chinalavula.

Ndinamva alamu akulitola.

"Ndaona kuti muli kumbuyo," anatero. "Ndi maso ndimaona."

Sindinakhutire. Ndinabwerera kwa Abuleki kukawauza kuti ayatse yawo, n'kuima pakhomo pawo pomwe ndinkatha kuona makina awo. Ndinapempha alamu kuti alowe kumbuyo adine okha. Anadandaula kuti iwo za mausi sazidziwa, koma anapita. Pulinta ya Abuleki inakhala chete. Yathu ndi yomwe inalira kuseri kwa khoma.

"Mwaona, bambo?"

"Ndaona," anatero Abuleki, akadali ndi mawu awo atsopano aja. "Koma nanga zanga sizingalowere kwanu? Ndili ndi mayeso a ophunzira m'kompyutamu."

"Kompyuta yanu inaloza yanu kale. Koma tiyeni tiilembe dzina, kuti wina asadzasokoneze."

Anandipatsa mpando wawo. Anaima kumbuyo kwanga akundiuza zolemba, ndipo dzina lomwe anasankha linali lalitali ngati chikwangwani cha sukulu yonse, mpaka linakana kukwana. Tinalidula pakati. Mulu wa mapepala otsatsa sukulu yatsopano ija anati asauonenso, ngakhale kuseri kwake n'koyera.

Nditabwerera ndi Kapitawo, alamu anali ataima pakati pa zipinda ziwirizo, akuyang'ana waya wanga pamwamba pa chitseko. Anaukoka pang'ono kuti aone ngati ugwa. Sunagwe.

"Kasitomala akafuna kutaipitsa?"

"Muzimulozera kumbuyo. Ndaika mpando."

"Mapepala akatha m'makina, kapena akakodwa?"

"Muli pomwepo ndinu, alamu. Ndikuonetsani potsegula."

"Ndiye ntchito yandichulukira ine."

"Pang'ono."

Anapumira m'mwamba. Anayang'ana beseni pansi pa zenera, kenaka mwana, yemwe anali atagwira kolala yanga akuyang'ana nsalu ya pazenera ikuuluzika.

"Inki ya Abuleki ndi paketi ija, zonse ndi zanu," anatero. "Ndipo chitseko ichi chizikhala chotseka, fungo lisamalowe. Mwana wa mnzanga ndimuuza kuti adikire kaye. Chifuwachi chikapanda kusintha tidzakambirananso."

"Chisintha."

"Mwakhala nesi tsopano?"

Pakhomo panalowa bambo wina atanyamula envulopu, akufunsa ngati timataipa. Alamu anatsegula pakamwa kuti andiitane monga mwa masiku onse, kenaka anakumbuka. Analoza ndi chala chachikulu kumbuyo kwawo.

"Lowani mkatimo. Koma muziyankhula motsitsa, abwana akufuna kugona."

Ndinagoneka Kapitawo m'beseni, ndinatseka chitseko, n'kukokera mpando kwa bamboyo.

"Tiyambire pati?" ndinawafunsa.